Nsapato ya kuntchito ikamapweteka, funsani kaye: pati, nthawi yanji?

Cha m'ma 3 koloko masana, m'maofesi ambiri a mu Victoria Avenue nsapato zimakhala zili pazokha pansi pa desiki. Eni ake mapazi ali pa matailosi, kapena alowa m'masilipasi amene amagonera m'dirowa chaka chonse. Abwana akaitana, phazi limayamba kufufuza pansi pa desikipo, ndipo nsapato imene m'mawa inalowa bwinobwino tsopano ikuchita kukankhidwa ndi chala. Mawa lake n'chimodzimodzi. Mwezi ukatha munthu agula ina, iyonso posakhalitsa ikagona pansi pa bedi ndi zinzake.

Wovala thalauza savutika kwambiri, chifukwa thalauza limabisa zambiri. Siketi ndi diresi zimasiya nsapato pambalambanda, ndiye munthu amagula ndi maso, phazi n'kudzamva pambuyo. Ndipo kuno kwathu siketi sinayambe dzulo kukhala chovala cha kuntchito. Kuchokera mu 1973 lamulo la kavalidwe linkaletsa amayi kuvala thalauza pagulu, mpaka linathetsedwa mu 1993. Lamulo linapita, koma m'masukulu, m'mabanki ndi m'maofesi ambiri yunifolomu kapena chizolowezi cha amayi chikadali siketi yomweyo.

Langizo limene timapatsana kawirikawiri n'lakuti, "Asisi, ingosiyani gogoda, muzivala zafulati." Silokwanira. Alipo amayi amene gogoda sanaivalepo chibadwire koma amatsimphina m'mawa uliwonse chifukwa cha tinsapato tafulati topyapyala tija. Musanataye nsapato kapena kugula ina, zindikirani zinthu ziwiri. Phazi likupweteka pati? Layamba nthawi yanji, podzuka, pamsewu, kapena masana muli khale pa mpando? Mayankho ake amaloza mbali ya nsapato imene yalakwika, ndipo nthawi zambiri mbaliyo imakonzeka.

Kunsi kwa zala kukamatentha masana

Ili ndiye dandaulo lalikulu la ovala gogoda. M'mawa zonse zili bwino, koma ikamakwana nthawi ya nkhomaliro kunsi kwa phazi, kuseri kwa zala, kumayamba kutentha, ndipo pofika madzulo munthu amayenda chotsimphina mobisa kuti anzake asaone.

Phazi lili ndi mafupa 26, ndipo mukaima opanda nsapato kulemera kwa thupi kumagawika pakati pa chidendene ndi kutsogolo. Hilu ikamakwera, katundu uja amasamukira kutsogolo, pa timitu ta mafupa asanu amene zala zinamererapo. Pamenepo pali kamnofu ka mafuta kotchinjiriza, koma sikanapangidwe kuti kazisenza thupi lonse kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, komanso kamapyapyala munthu akamakula. N'chifukwa chake nsapato imene munkavina nayo pa maukwati muli ndi zaka 25 ikukukanani muli ndi 40.

Tsono Blantyre amawonjezera lake vuto. Mzinda uno ndi wa zitunda ndi zigwa. Wotsikira ku Mibawa amakwera mtunda kupita ku ofesi, madzulo n'kutsetsereka kubwerera komweko. Wa ku Ndirande, Chilobwe, Bangwe kapena Chilomoni asanafike n'komwe pa siteji amakhala atatsika kale kanjira ka miyala. Kukwera ndi hilu sikuvuta kwenikweni. Chimapha phazi n'kutsika, chifukwa mtsetse umawonjezera kupendekeka kumene nsapato ili nako kale, phazi n'kumatsetserekera kutsogolo nthawi iliyonse mukaponda, mpaka zala kukadzigunda kumapeto. Nsapato inakoma pa kapeti ya m'sitolo, inde, koma pa mtsetse simunaiyese.

Yezani hilu ndi rula, osangoyerekeza ndi maso. Kwa munthu woyenda pansi ndi kukwera minibasi, masentimita 3 kapena 4 ndi abwino, 5 akhale malire. Zopitirira apo n'za tsiku la msonkhano waukulu. Ngati nsapato ili ndi soli yochindikala kutsogolo, chotserani kuchindikalako pa kutalika kwa hilu: hilu ya masentimita 7 yokhala ndi 2 kutsogolo, phazi limamva 5. Komabe soli yochindikala kwambiri sipindika, ndipo pa miyala ya m'makwalala mwathu n'kosavuta kubinya nayo kakolo.

Kutalika si nkhani yonse. Hilu yonenepa, kapena weji (hilu yolumikizana ndi soli mpaka kutsogolo), imaponda malo aakulu, ndipo minofu ya mwendo sikhalira kulimbana kuti musagwe. Kahilu kosongoka kamalowa m'mipata ya njerwa zoyala ndi m'ming'alu ya simenti zovundikira ngalande, ndipo nthawi ya dzinja kamatitimira m'matope. Ikani nsapato pa tebulo, muikankhe pang'ono ndi chala. Ikagwedezeka ilibe munthu, muli m'kati idzagwedezeka kuposa pamenepo. Onaninso pamene hiluyo yamera: izikhala pansi penipeni pa chidendene, osati kothawira kumbuyo.

Chimene ambiri sachiwerengera ndi lamba. Kachingwe kodutsa pamwamba pa phazi kapena kozungulira kakolo kamagwira phazi kuti lisatsetserekere kutsogolo, ndipo pa mtsetse kusiyana kwake mumakumva tsiku loyamba lomwelo. Kwa ine, nsapato ya hilu yonenepa ya masentimita 4 yokhala ndi lamba ndiye yoyamba kuifuna aliyense wogwira ntchito m'tauni muno. Imakhala bwino ndi siketi ya suti, imakhalanso bwino ndi diresi la chitenje la Lachisanu.

Ngati nsapato muli nayo kale ndipo soli yake ndi yopyapyala moti mumamva kamwala kalikonse, ipititseni kwa osoka nsapato akamate labala wopyapyala kutsogolo. Timapilo ta m'nsapato togula ku famase timathandizanso, koma tiikeni kumbuyo pang'ono kwa pamene pakupwetekapo, kuti tinyamule mafupa aja. Mukatiika pa ululu penipeni, m'nsapato yothina kale, mwangowonjezera kuthina. Koma mukamamva ngati mwaponda kamwala pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi, zala n'kumachita dzanzi, umenewo ndi mtsempha ukupanikizika. Nsapato zosongoka zisiyeni kaye, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi dokotala.

Zala zikamapanikizana

"Tengani achemwali, imeneyo ikula mukamavala." Mawu amenewa tonse tinawamvapo, pa kaunjika ngakhale m'masitolo a magalasi. Choona chake n'chochepa. Chikopa chenicheni chimatanuka m'mbali, pang'ono. M'litali sichitanuka. Pulasitiki ndi zonyezimira zija sizitanuka n'komwe, chimene chimagonja ndi chala chanu.

Phazi la m'mawa si la madzulo. Kuima, kuyenda, ngakhale kukhalitsa pa mpando miyendo ili lende kumatupitsa mapazi, makamaka kukatentha mu Okutobala ndi Novembala. M'sitolo, kaya ndi ku Bata, ku PEP kapena ku Chichiri, pitani mutaweruka, muvale zonse ziwiri, muyende nazo pa matailosi. Ku msika n'kovutirapo, chifukwa belo limamasulidwa m'mawa ndipo wofuna zabwino ku Limbe kapena ku Ndirande amalawirira phazi lisanatupe. Njira yake ndi katoni. Madzulo mutafika kunyumba, imani pa katoni thupi lonse lili pa phazilo, wina akujambulireni mozungulira, cholembera chili chilili. Ajambule mapazi onse awiri, popeza anthu ambiri phazi limodzi limakulirapo, ndipo nsapato imagulidwa poyeza lalikululo. Dulani chojambulacho, chiziyenda m'chikwama. Pa msika chilowetseni m'nsapato. Pamene chapindika m'mbali kapena kukwinyika kutsogolo, ndi pomwepo pamene mudzatuluke thuza. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa sentimita imodzi, ndipo kwa ena chachitali si chachikulu ayi, koma chotsatana nacho.

Nambala yolembedwa pansi pa nsapato musaikhulupirire kwambiri. Pa mulu umodzi wa kaunjika pamakhala nsapato za ku Britain, za ku Europe ndi za ku America, ndipo aliyense amawerenga mwake. Saizi 5 ya ku Britain, imene ifenso tinazolowera, ndi pafupifupi 38 ya ku Europe, pomwe ku America ya amayi yomweyo imalembedwa 7. Mukatola yolembedwa 6 ya ku America mukuyesa ndi 6 yathu, mwatenga 4. Saizi za ku Britain zimasiyana ndi mamilimita pafupifupi 8 ndi theka, za ku Europe osakwana 7, ndiye sizikumana ndendende.

Choipa kwambiri n'chakuti manambala onsewa amanena za m'litali basi. Ambiri a ife tinakula tikuyenda opanda nsapato kapena ndi patapata, ndipo mapazi athu ndi otambalala kutsogolo, pomwe nsapato zambiri za m'fasho zimaumbidwa pa chikombole chopapatiza. Wa phazi lotambalala akamva kuthina amakweza saizi. Nsapato ija imatalika, n'kuyamba kuvuka kumbuyo, m'mbali ikuthinabe. Wotereyu asasinthe saizi, asinthe mphuno ya nsapato: afune yozungulira, ya makona, kapena yosongoka imene kusongoka kwake kwayambira patsogolo pa zala, osati pa zala penipeni.

Fupa lotumphuka m'mbali mwa chala chachikulu, chalacho n'kumapendekera kwa zinzake, nthawi zambiri n'la kumtundu. Tayang'anani mapazi a amayi anu kapena agogo. Nsapato yopapatiza imalikulitsa ndi kulipwetekitsa. Funani ya chikopa chofewa yopanda msoko pamalo pamenepo, ndipo osoka nsapato ena ali ndi chikombole chotanulira chimene amafutukulira malo amodzi okhawo, bola chikhale chikopa. Zikhadabo ziwengeni mowongoka, osazungulira m'makona, kuti zisamere cholowa m'mnofu.

Ikamavuka kumbuyo

Nsapato yovuka imatopetsa kuposa mmene anthu amaganizira. Zala zimadzipinda n'kumaigwirira kuti isatsale m'mbuyo, tsiku lonse, mwini wake osadziwa. Madzulo kutopa kumamveka pamwamba pa phazi ndi pa msongolo, ndipo pakapita nthawi zala zimachita zikang'a pamwamba.

Musanathamangire kupakira thonje kumphuno, onani chikuchititsa. Ngati phazi likutsetserekera kutsogolo n'kusiya mpata kumbuyo, vuto lili kutsogoloko, ndipo kachoyala katheka pansi pa zala kamalibweza m'malo mwake. Ngati ndi chidendene chanu chimene chili chaching'ono, osoka nsapato amate kachikopa m'kati mwa kumbuyoko, mbali yokhakhala ikhale yokhudza phazi. Masitokini amatereretsa, choncho nsapato yodzavalira masitokini muiyese mutawavala. Yokumbika kwambiri kutsogolo, yoonetsa mipata ya zala, imakongola ndi siketi koma ilibe pogwira, pomwe yokwera pang'ono pamwamba pa phazi imagwira yokha. Amisiri a pansi pa mtengo aja ambiri amatha kusokerera lamba kapena lasitiki pa nsapato imene inalibe, inu muli chidikirire pa benchi.

Thuza limabwera ndi kukhulana, ndipo chinyezi chimalifulumizitsa. Nsapato yatsopano musaiyambire Lolemba pa ulendo wonse wa kuntchito. Ivaleni kunyumba madzulo, ola limodzi, kwa masiku angapo, ndi sokosi ngati chikopa chake n'cholimba. Pamene payamba kufiira matanipo pulasitala thuza lisanatuluke. Likatuluka musalibowole ndi singano ya m'nyumba. Litsukeni, liphimbeni, mawa muvale ina.

Zafulati nazo zili ndi mlandu

Chizindikiro chake n'chodziwika. Mukangodzuka m'mawa, kuponda koyamba kumalasa pansi pa chidendene. Mukayendayenda kumaleka, n'kudzabweranso mukanyamuka pa mpando mutakhalitsa. Kunsi kwa phazi kuli mnofu wolimba woyala kuchokera ku chidendene mpaka ku zala, umene umagwira mphako ya phazi kuti isaphwatalale. Kuima tsiku lonse pa simenti ndi nsapato yopyapyala kumaukoka mpaka uyambe kupweteka pamene unamera pa fupa. Aphunzitsi, ogulitsa m'masitolo ndi olandira alendo m'mahotela amaudziwa bwino ululu umenewu.

Tengani nsapato yanu yafulati muipinde. Yabwino imapindika kutsogolo kokha, pamene zala zimapindikira. Ikapindika pakati mpaka mphuno kukhudza chidendene, kapena ikapotokola mosavuta, palibe chimene ikulichitira phazi lanu. Dinani kumbuyo kwake ndi chala, kuzikhala kolimba. Yafulati yoyenera kuntchito imakhala ndi kahilu ka sentimita imodzi kapena awiri, soli yochindikalako, ndi malo okwana kuikamo choyala cha m'kati. Ma loafer, zafulati zongolowetsa phazi zopanda zingwe zija, ndi zina za lamba pamwamba zimakwanitsa zimenezi, ndipo ndi siketi yofika m'maondo zimaoneka zaulemu ndithu. Ena amaopa kuti aoneka ana a sukulu, koma zimenezo zimatengera chikopa ndi polishi, osati kutalika kwa hilu.

Wozolowera gogoda zaka zambiri asatsikire pa fulati tsiku limodzi. Katumba ndi mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene zimakhala zitazolowera kufupika, ndipo mukazikoka mwadzidzidzi ululu umangosamukira kumbuyo. Tsikani pang'onopang'ono, 7, kenaka 5, kenaka 3, kwa milungu ingapo. M'mawa ndi madzulo gwirani khoma, mwendo umodzi kumbuyo chidendene chili pansi, mutsamire kutsogolo mpaka katumba amve kukokeka, masekondi 30 mwendo uliwonse. Kugudubuza botolo la madzi ozizira kwambiri ndi phazi mukuonera nkhani kumaziziritsa ululu wa pansi pa chidendene. Musayembekezere kuti utha sabata imodzi. Ena umawatengera miyezi.

Yokongola pa mulu, yoyoyoka pamsewu

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsapato yatsopano ya chikopa chenicheni inathawa m'manja mwa ambiri, ndipo kaunjika ndiye anakhala kothawira. Palibe cholakwika pamenepo. Yachikopa yovalidwapo pang'ono imaposa yatsopano ya pulasitiki. Koma pali msampha. Nsapato zambiri zofewa, zopepuka, zimene zimakomera phazi mukangoyesa, zili ndi soli ya polyurethane, mtundu wa pulasitiki wofewa ngati siponji. Soli imeneyi imaola ndi chinyezi cha mu mpweya ngakhale nsapato ili chikhalire m'kabati, ndipo imene inakhalitsa osavalidwa kwa eni ake oyamba ndi imene imaola kwambiri. Pa mulu imaoneka yatsopano, yosapondapo pansi. Mukaivala masiku awiri soli imayoyoka ngati chigumu cha dzana, mwina muli pakati pa Ginnery Corner. Musanalipire ipindeni mwamphamvu, muidine ndi chikhadabo. Ikaonetsa timing'alu, ikamata m'manja kapena kusiya tinyenyeswa, guluu sangaithandize. Isiyeni, kupatula ngati pamwamba pake ndi chikopa chabwino kwambiri ndipo mwanenerera mtengo mukudziwa kuti mukaikitsa soli ina.

Tembenuzaninso muone kadyekedwe ka soli. Yodyeka mbali imodzi inatengera kayendedwe ka mwini wake woyamba, ndipo inunso idzakupendeketsani.

Nanga chikopa mungachidziwe bwanji? Nsapato zogulitsidwa ku Europe zimakhala ndi kachizindikiro pansi kapena m'kati, koonetsa mbali zitatu: pamwamba, m'kati ndi soli. Kachithunzi ka chikopa chofutukula n'chikopa, ka timizere tolukana ndi nsalu, ka dayamondi ndi zina monga pulasitiki kapena labala. Kachizindikiroko kakakhala kuti kanachoka, suzumirani pamene chikopa chinadulidwa. Chenicheni chimakhala chaubweyaubweya kuseri. Chabodza chimakhala ndi nsalu kuseri, ndipo chimayamba kusupuka pamene phazi limapindikira. Za m'kati muziyang'anitsitse kuposa za kunja, popeza n'zimene zimakhudza khungu.

Mapazi awiri ali ndi tizigawo totulutsa thukuta pafupifupi 250,000. Chikopa chimamwa thukutalo n'kulitulutsa, pulasitiki amalisunga, ndiye fungo, kuterera ndi zilonda zoyabwa za pakati pa zala zimayambira pamenepo. Nsapato imafuna tsiku lathunthu kuti iume, choncho ziwiri zosinthanitsa zimakhalitsa kuposa kuvala imodzi mpaka ithe n'kuyamba ina. Soda yemwe uja wa therere, supuni imodzi yomanga m'kansalu, akagona m'nsapato amachepetsa fungo. Mvula ikakupezani pa Chipembere Highway, kapena chiperoni cha Juni ndi Julayi chikanyowetsa zonse, musaiyanike pa dzuwa lamphamvu kapena pafupi ndi mbaula. Chikopa chimauma gwa n'kusweka, guluu n'kumatuka. Pakiranimo nyuzipepala, muzisintha zikanyowa, iume pamthunzi podutsa mphepo, ndiye muipake polishi. Ikachita chuku m'kabati, ipukuteni ndi kansalu konyowetsa m'madzi osakaniza ndi viniga.

Hilu ikayamba kulira mwachitsulo pa matailosi, dziwani kuti kalabala ka pansi katha, mukuponda msomali. Pitani nayo tsiku lomwelo. Kusintha kalabalako n'kotchipa, koma mukachedwa hilu imadyeka mopendekeka, chikopa chokutira chimakwinyika, kakolo ndi bondo n'kuyamba kuwawa. Mmisiri muwauze momveka: "Bambo, musinthe zonse ziwiri, ndipo muike labala wolimba, osati pulasitiki." Akasintha imodzi yokha, muziyenda mwendo wina wautali wina waufupi. Soli yatsopano yoterera pa matailosi kapena pa simenti yopaka polishi ikhuleni ndi sandipepa. Chovuta kukonza ndi kachitsulo ka m'kati mwa soli, pakati pa hilu ndi kutsogolo. Kakathyoka, hilu imathawira kumbuyo mukaponda, ndipo imeneyo musatulukenso nayo.

Nanga siketiyo?

Nthawi zina nsapato ilibe mlandu, yangokumana ndi siketi yosayenerana nayo. Siketi yothina ya pensulo salola kutanyula, ndiye mukawonjezera hilu yayitali, kukwera minibasi ya ku Limbe kumasanduka chionetsero. Imeneyi imafuna kahilu kapakati ndi mng'alu wokwanira kumbuyo. Siketi yothera pakati pa katumba imadula mwendo pamene uli wonenepa, ndipo lamba wamkulu wa pa kakolo amaudulanso kachiwiri. Pamenepo sankhani lamba wopyapyala, kapena wa mtundu wofanana ndi khungu lanu. Ndikati lanu ndikunena lanulo: zambiri zija amati nude m'masitolo anazipangira khungu la azungu, ndipo pa mwendo wathu zimangooneka zotuwa. Bulauni woderapo ndiye amagwira ntchitoyo, komanso amabisa fumbi la Seputembala kuposa wakuda. Chitenje cha maluwa ambiri chimafuna nsapato yofatsa, ya mtundu umodzi wopezeka m'chitenjemo.

Mukamasoketsa diresi lalitali, pitani kwa atelala mutavala nsapato imene mudzalivalire, akapime mpendero muli chiimire. Mpendero wopimira gogoda umakwekwereza pansi tsiku limene mwavala fulati, ndipo kahilu kosongoka kamaukola pa masitepe. Wokwera kabaza wa njinga yamoto asavale nsapato yopanda kumbuyo, imagwa pa bampu, ndipo nsalu yayitali aikwinyire pamiyendo, kutali ndi tcheni ndi sipoko.

Zonyamula nsapato ziwiri, ina ya pamsewu ina ya mu ofesi, ena amachita nazo manyazi. Ine ndimaona kuti n'zanzeru, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, bola ya pamsewuyo ikhale nsapato yeniyeni yogwira phazi, osati patapata. Gogoda izigonera ku ofesi konko, isamayende m'chikwama limodzi ndi nkhomaliro. Koma ngati ntchito yanu ndi yoyendayenda, kubanki, ku Msonkho House, kwa makasitomala ku Limbe, musadzinamize. Ya pamsewuyo ndiye nsapato yanu ya kuntchito, ndipo ndalama zambiri zipite kwa iyo.

Pamene vuto si nsapato

Wodwala shuga asamve zoti nsapato yatsopano amaipirira mpaka izolowere. Matendawa amawononga mitsempha ya kumapazi, munthu osamva kuti nsapato ikumudya, ndipo kachilonda kakang'ono kamachedwa kupola mpaka kufika poipa. Aziyang'ana mapazi ake madzulo aliwonse, kunsi ndi pakati pa zala, azipisa dzanja m'nsapato asanavale, ndipo thuza lililonse apite nalo kuchipatala. Zikang'a asadule ndi lezala. Kwa wina aliyense, mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba n'kumapweteka ndi kutentha, si za nsapato zimenezo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mapazi onse awiri akamatupa osaphwa ngakhale mutagona usiku wonse, kapimitseninso.

Amayi oyembekezera mapazi amatupa, n'zachizolowezi. Koma kutupa kobwera mwadzidzidzi, kofika kumaso ndi m'manja, kophatikizana ndi mutu kapena kuona mwachimbuuzi, n'kothamangira nako kuchipatala osadikira tsiku la sikelo. Miyezi imeneyi gogoda ipume, valani ya lamba wa mabowo angapo woti muzimasula masana. Mukachira musadabwe nsapato zakale zikakana. Mimba imafewetsa minyewa yogwira mafupa a phazi, ndipo kwa amayi ena phazi limatalika ndi kutambalala osabwereranso, makamaka pa mwana woyamba. Dikirani kutupa kuthe, mujambulitsenso phazi pa katoni, ndiye mukagule nsapato yobwerera nayo kuntchito.